Khola Lachitsulo M'galimoto ya Bambo

Galimoto ya bambo inakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Mandava, m'tauni ya Zvishavane, kwa miyezi yambiri iwo atamwalira. Inali yaing'ono, yobiriwira, ya zitseko zinayi, yokalamba ngati mwini wake. Bambo anabwera ku Zvishavane kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito yochirikiza denga pansi pa mgodi mpaka mapapo awo atatopa. Ine ndinawatsatira ku mgodi womwewo, koma ndinali wowotcherera zitsulo. Mgodi utatsekedwa ndinabwerera kukakhala ndi amayi, n'kumawotcherera mageti ndi mawindo a anthu. Ntchito imeneyi imatopetsa mtima kuposa msana, chifukwa geti la lero ndi lomwe lija la dzulo.

Za rali ndinazidziwira kwa mlamu wanga wa ku Mkoba, ku Gweru, mwamuna wa mlongo wanga, amene amayendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu. Loweruka lina ananditenga kukaonera mpikisano wa galimoto m'misewu yafumbi cha ku Connemara. Tinaima pakona ina dzuwa likuswa mtengo. Galimoto yoyamba inatulukira ikuyenda cham'mbali, miyala ikuthetheka, n'kutisiya tili mbuu. Ine munthu wa imvi kale m'ndevu ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Chitsekereni mgodi, mtima wanga unali usanagundepo choncho.

"Tsano," anatero mlamu, kunditchula kuti mlamu m'Chishona monga amachitira, "ndi welding yanu ija mungapange yanu mota. Ine ndizikuwerengerani njira."

Iwo ankangocheza. Ine ndinazitenga.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusisita mawondo awo, amene anali atatupa kwa zaka zambiri. Ndinawauza kuti galimoto ikungodyedwa ndi dzimbiri, andilole ndiikonze ndikathamangitse kamodzi kokha. Anapitiriza kusisita bondo.

"Chita zimene ukufuna," anatero. "Koma tsiku lovundukula chiliza cha bambo ako, ine ndidzapita kumanda pa galimoto imeneyi, pampando wanga wakutsogolo. Tsiku la maliro inakana kulira, munandikweza pa lole ngati thumba la chimanga. Munthu amene anandiyendetsa moyo wanga wonse pampando umenewo, ine n'kumuperekeza pa lole. Sizinandichoke mumtima."

Ndinalonjeza mosaganiza n'komwe. Tsiku la chiliza linali litakonzedwa kale, mlungu umodzi pambuyo pa mpikisano wotsatira, ndipo zonsezo zinkaoneka kutali.

Anthu amaganiza kuti kupanga galimoto ya mpikisano n'kosangalatsa. Mwina kwa ena. Ine chimene ndimakumbukira ndi kugona chagada pa katoni, dzimbiri likugwera m'maso. Ndinachotsa mipando yonse ndi makapeti. Injini ndinaimasula kawiri chifukwa ulendo woyamba ndinatsala ndi timabawuti titatu m'manja, osadziwa kwawo. Magetsi ankabwera pamene afunira, ndipo akabwera ndinkasiya geti la munthu pakati n'kuthamangira kuseri. Makasitomala ena anatopa nane n'kupita kwina. Masiku ambiri ndinkadana nayo galimotoyo, koma ndinali nditaibowola kale moti kubwerera kunalibe.

Chachikulu pa galimoto ya rali ndi khola la mapaipi limene amamanga m'kati, loti likutetezeni galimoto ikagubuduka. Mlamu anandibweretsera mapepala a malamulo ake, m'Chingerezi, timalemba ting'onoting'ono. Ndinawerenga tsamba loyamba, ndinaona zithunzi, kenako ndinatsindira mapepalawo ndi chitini cha penti. Ine wowotcherera wa mumgodi, pepala lindiuze za chitsulo? Ndinali ndi matama, ndipo matamawo ndinawatengera kwa bambo.

Kwathu ku mgodi lamulo linali limodzi. Bambo ankalinena m'Chilapalapa, chinenero cha pansi pa mgodi: "Faka sterek." Ika zolimba. Pamene pakufunika mzati umodzi ika iwiri, chifukwa denga likatsika silifunsa kuti unapulumutsa zitsulo zingati. Ngakhale shelefu ya makapu m'nyumba mwathu bambo anaimanga moti munthu wamkulu angagonepo. Ndiye ndinapita kwa ogulitsa zitsulo zakale n'kusankha mapaipi a madzi ochokera mumgodi, onenepa, oti kunyamula imodzi umayamba wapuma. Pamene chithunzi chinaonetsa paipi imodzi ndinaika awiri. Pazitseko zonse ndinapingasa mapaipi mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Mfundo iliyonse ndinaiwotcherera katatu.

Mlamu atabwera kudzaona, anayesa kulowa n'kugunda mutu. Anatuluka akugwira chipumi.

"Tsano, iyi imota here kana shafuti ya mumgodi? Mukufuna kuthamanga kapena kuchirikiza denga?"

Tinaseka tonse. Ine ndinamva ngati akundiyamikira.

Galimoto zonse amayamba aziyeza tsiku loti mawa mpikisano. Paulendo wopita ku Gweru kokaiyezetsa, galimoto inkabuula pa chitunda chilichonse, ndipo mabasi odzaza anthu ankatidutsa. Woyeza galimoto anali bambo wachikulire, waulemu, wokhala ndi tochi ndi kahamala kakang'ono. Anazungulira kawiri, analowetsa mutu, anagogoda apa ndi apo. Kenako anayendetsa chala pa paipi imodzi n'kundiitana. Anayankhula m'Chishona, mofatsa.

Anati kuwotcherera kotere anali asanakuonepo, n'kwa munthu wodziwa ntchito yake. Koma mapaipiwo anali a madzi, ndipo paipi ya madzi ili ndi msoko kuyambira uku mpaka uko. Galimoto ikamenya mtengo, paipi yotero siipindika, imang'ambika pamsokopo, ndipo woyamba kubayidwa ndi amene wakhala pafupi nayo. Kulemera kwakenso, mabuleki a galimoto yaing'ono ngati imeneyo sangakuimitse pakona. Zonsezi, anatero, zinalembedwa pa tsamba lachiwiri.

Ndinapsa mtima zoopsa. Ndinawauza zaka zimene ndinagwira mumgodi, ndinawauza kuti palibe chitsulo changa chinagwerapo munthu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kupukusa mutu, n'kupita pa galimoto ina. Mlamu anachita kundikoka malaya. Mawa lake iwo anakaonera mpikisano, ine ndinatsala m'galimoto, m'khola langa, ndikumva injini za anzanga chapatali.

Mlungu wotsatirawo ndinauthera pokangana ndi woyeza galimoto uja mumtima. Ndikamadya ndinkamuyankha, ndikamasamba ndinkamuyankha. Chimene ndinachita pokonzekera chiliza n'kutsuka galimoto ndi kubwezeretsa mpando wa amayi kutsogolo. Ndinaupukuta bwinobwino, ndinaumanga ndi mabawuti atsopano. Za mawondo awo sindinaganize ngakhale kamodzi. Izi ndimachita nazo manyazi kuposa zonse.

M'mawa wa tsikulo mlamu ananyamula abale pa kombi n'kutsogola. Amayi anatuluka atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi ndi duku, ndodo m'manja. Ndinawatsegulira chitseko monga ankachitira bambo. Anaima n'kuyang'ana mapaipi opingasa aja. Anagwira denga la galimoto, anayesa kukweza mwendo, koma phazi silinafike ngakhale pa paipi yam'munsi. Anayesanso, ndipo ndinamva akudzuma.

"Amayi, ndikunyamuleni."

"Undinyamule ngati thumba? Za lole zija sunamve?"

"Ndiye ndidikireni pang'ono, ndidule. Sizitenga nthawi."

Ndinavula jekete, ndinavala ovololo, ndinafunditsa mpando ndi chiguduli chonyowa kuopa moto, n'kuyatsa gilayinda, makina odulira zitsulo. Mwamwayi magetsi analipo. Paipi yoyenera ndikanaidula madzi a tiyi asanawire. Koma awa anali mapaipi anga, awiri pamene pankafunika imodzi, ndipo pamene ndinkafuna kudula m'pamene ndinawotcherera katatu. Disiki yodulira yoyamba inatha ndisanamalize mbali imodzi. Yachiwiri inasweka. Thukuta linkalowa m'maso, ndipo ndinkatukwana dzanja langa lomwe chifukwa cha ntchito yake yabwino. Ndikacheuka ndinkaona amayi ali pakhonde, chikwama pamiyendo, akuyang'ana kumsewu. Sanandifulumizitse. Bwenzi zili bwino akanandikalipira.

Ndili pa disiki yachitatu, kombi inabwerera. Mlamu sanaseke ulendo uno. Anapita pakhonde, anagwada pang'ono n'kunena kuti abusa akudikira, anthu apsa ndi dzuwa, ndipo okalamba ena ayamba kukhala pa manda a eni ake. Amayi anayang'ana galimoto, kenako anadzuka ndi ndodo yawo. Khomo la kombi n'lotsika ndipo lili ndi popondera. Anakwera okha.

Ndinapitiriza kudula chifukwa sindinkadziwa china chochita. Paipi yomaliza itagwa ndinaiponya pansi pa mango, ndinasalaza podulapo kuti pasang'ambe chovala, n'kuthamangira kumanda pa galimotoyo ndili mu ovololo. Ndinapeza nsalu atachotsa kale pachiliza, anthu akuimba nyimbo yomaliza. Dzina la bambo ndinaliwerengera kumbuyo kwa mitu ya anthu.

Anthu atayamba kubalalika, ndinasendeza galimoto pafupi ndi pamene amayi anaima. Ndinatsegula chitseko. Mpata unali pululu, mpando wawo uli woyera, wopanda ngakhale kadontho ka moto.

"Amayi, tsopano mukhoza kulowa."

Anayang'ana mpando uja nthawi yaitali. Anatambasula dzanja n'kugwira pamene ndinadula, kenako paipi yaikulu ya kudenga, n'kuigwedeza. Siinasunthe.

"Bambo ako akanakondwa nazo izi," anatero. "Sizingagwe."

Ndinadikira, dzanja lili pachitseko.

"Koma ulendo umene ndinkafuna unali wobwera kuno, mwana wanga. Wobwerera ndingapite ndi aliyense."

Anatembenuka n'kulowera kumene kunali kombi, pang'onopang'ono, mlongo wanga atawagwira mkono. Ine ndinatseka chitseko n'kuwatsatira pambuyo mpaka ku Mandava, mpando uli wopanda munthu.