Chitsime Chimene Chinatumphuka Papepala

Kwathu kufupi ndi Kachulu madzi a m'zitsime amakhala a mchere. Ukakumba umapeza madzi owawa pakhosi, osachita thovu ndi sopo. Akumwa tinkakatunga kumtsinje wa Likangala, ndipo mwezi wa Okutobala njira yake inkawotcha mapazi.

Chaka chimene ndinali Sitandade 3, amalume anga anakumba chitsime kuseri kwa munda wathu, pafupi ndi mkuyu. Anali munthu wosalankhulalankhula, ngati ine ndemwe. Atafika pamchenga woyera analeka kukumba, nati mchere uli pansi pake pomwepo. Madzi ankabwera pang'onopang'ono ngati thukuta, koma anali okoma. Amalume anatiuza kuti tizitunga ndi chikho mmawa mokha, osakanda pansi, mpaka mvula idzagwe.

Kusukulu ya mishoni, aphunzitsi athu ankakonda nyuzipepala kwambiri. Ogula nsomba apanjinga ochokera ku Zomba ndiwo ankawabweretsera, nthawi zina itanunkha kale matemba. Lachisanu lililonse ankatilembetsa nkhani za m'midzi mwathu monga alembera anyuzi, ndipo yowakomera ankaiwerenga kutchalitchi mapemphero akatha.

Ine ndinali ndi kope lolembamo za tsiku ndi tsiku, choncho ndinangokopera zimene ndinali nditalemba kale: "Amalume apeza madzi okoma. Akubwera pang'onopang'ono."

Aphunzitsi anawerenga, napukusa mutu.

"Mwanawe, uku ndi kupereka moni kwa odwala, si nkhani ayi. M'nyuzi madzi sabwera, amatumphuka! Magazi amatumphuka, utsi umatumphuka. Wowerenga azidzidzimuka pampando."

Anafufuta ndi inki yofiira, nalemba kuti, "Madzi okoma atumphuka pafupi ndi Kachulu." Mawuwo anali okoma m'kamwa, ndipo ndinawatchula chamumtima njira yonse yobwerera kunyumba. Lamlungu atawawerenga kutchalitchi, anthu anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

Lolemba m'mamawa tinamva odi kuseri kwa munda. Anali amayi ochokera m'midzi yoyandikana nafe, mitsuko ili pamutu. Ena anali Asilamu a kudooko la kunyanja, amene nkhaniyo inawapeza poyanika nsomba.

"Achimwene, kasupe uja ali kuti?" anafunsa mayi wina wamtali, akutula mtsuko wake.

Amalume analoza chitsime.

Mayiyo anasuzumira. "Timeneti? Ine ndikalira pamaliro ndimatulutsa ambiri kuposa apa!"

"Musawanyoze, akudikira aphunzitsi adzawawerengere kaye, ndiye atumphuke," anatero mnzake, ndipo onse anaseka.

Amalume sanaseke. Kwathu munthu sumumana madzi, ngakhale akhale mdani wako, ndiye sakanatha kuwabweza. Anangowomba m'manja mwaulemu.

"Chonde amayi, tungani ndi chikho. Pansipo musakandepo."

Oyambawo anamvera. Koma madzi anatha mitsuko yambiri ikadali yopanda kanthu, ndipo amayiwo anali atayenda mtunda wautali, ana ali kumbuyo. Sindingawanene. Wina anatsika ndi mbale nayamba kupalasa mchenga. Tsiku lotsatira anabwera ochuluka kuposa oyamba, ndipo mmodzi anatenga mwamuna wake ndi khasu, akuti adzatsegule njira ya madzi imene amalume analephera kuipeza.

"Akulu, mukapitirira apo mupha chitsime," anatero amalume.

"Kutchalitchi sanganame, bambo. Madzi alimo, mukungowabisa," anayankha bamboyo, khasu lili kugwa.

Ine ndinali nditaima pamkuyu paja, chikho chathu chili m'manja. Ndinaona madzi akukwera msanga m'dzenjemo, ambiri ndithu, otuwa. Amayi aja anaimba nthungululu. Mayi anga anatenga chikho m'manja mwanga, natunga, nalawa. Analavula pambali: anali a mchere.

Anthu anabalalika akudandaula kuti tawayendetsa pachabe. Amalume anadikira kuti mwina mcherewo uchepa, koma ngakhale mbuzi zinkangonunkhiza n'kuchoka. Madzulo ena anandiitana.

"Mwanawe, bwera ndi dengu. Tikwirire, ana angagweremo."

Tinathira dothi mpaka panafanana ndi pena paliponse. Sanadzakumbenso china, ngakhale mayi anawapempha chaka chotsatira.

Kwa milungu ingapo kunkabwerabe amayi akutali amene nkhaniyo inawapeza mochedwa. Mayi anga ankawakhazika pamkeka, n'kuwatungira chikho chimodzi mumtsuko wathu wam'nyumba. Akamwa ankathokoza, n'kusenza mitsuko yawo yopanda kanthu.