Masiku Asanu ndi Limodzi a Thoko

Ndinakhoma chitseko ku Chilomoni 7 koloko m'mawa, Loweruka, chikwama cha zovala za Thoko chili paphewa. Panali patatha miyezi itatu chimuikireni m'manda mkazi wangayo, ndipo akwawo ku Bangwe anali atatumiza uthenga kuti tsiku logawa katundu wake lakwana. Zitenje zipita kwa azakhali, nsapato kwa asuweni. Wotchi anati ikhala ya Tadala, mng'ono wake amene akuphunzira unamwino.

Ndi wotchi zija amati simati, zowerenga mapazi amene munthu waponda ndi kugunda kwa mtima. Thoko anaigula ine ndikutsutsa. Ndinkamuuza kuti wokhala ku Chilomoni safuna makina omuuza kuti watopa, chitunda chimamuuza kwaulere. Foni yake inaphwanyika m'chipwirikiti cha maliro, choncho mayendedwe ake otsiriza anatsala mu wotchimo mokha. Ndinaizimitsa tsiku lomwe anamwalira, osayang'anamo. M'mawa umenewu ndinaitchaja, ndinaiyatsa, n'kuivala, poganiza kuti pamkono mpovuta kuba kusiyana ndi m'thumba. Ndinkafuna ndidzere ku Ndirande kwa wokonza mafoni kuti andichotsere zamkatimo ndisanaipereke.

Minibasi yopita m'tauni inali K1,000. Kondakitala anayang'ana chikwama n'kunena kuti nachonso chilipire, poti chanenepa kuposa ine. Ndinachiika pamiyendo. Pambali panga panali mayi wa beseni la tomato, amene anaona wotchi ikuwala nthawi iliyonse ndikatukula mkono. Anafunsa ngati n'zoona kuti zinthuzi zimadziwa mtima ukamathamanga. Ndinavomera.

"Ndiye ikadziwa, imapereka mankhwala?"

"Ayi, mayi."

"Basi ndi mboni chabe," anatero, n'kubwerera ku tomato wawo.

Ku Ndirande ndinafika cha m'ma 9. Wokonza mafoniyo ndi bambo wa imvi zochepa, amene anzake amamutcha a Injiniya, ndipo kakontena kake kali pakati pa ogulitsa mabawuti ndi osoka nsapato. Anaitembenuza wotchiyo, anadina apa ndi apo, n'kunena kuti popanda foni imene inalumikizidwa nayo palibe chingatuluke. Kenako anandifunsa kuti ndaivala liti.

"Lero."

Anaiika pathebulo pang'onopang'ono. "Achimwene, iyi imasunga masiku seveni basi. Latsopano likakwera, lakale limatsika, ngati minibasi yodzaza. Lero lakwera kale."

Anandionetsa. Masiku a Thoko anayambira Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu panalibe. Limenelo ndi tsiku lotsiriza limene anayenda ali bwino: anapita ku Misa wapansi, anaimba kwaya, anabwerera kudzera kumsika ndi nthochi zimene anati watchipitsa. Pamalo pake panali mapazi anga 2,316, a munthu wokangana ndi kondakitala. Ndinaphunzira kompyuta zaka zinayi ku koleji, koma zimenezi sindinaziganizire.

A Injiniya anati njira ndi imodzi, ndijambule ndi foni yanga tsiku ndi tsiku. Iwo ankagwira wotchi, ine ndikujambula. Titamaliza ndinaizimitsa. Ndalama anakana, ati sanakonze kanthu.

Ndinadya tchipisi cha K1,500 pa chiwaya, chothira tsabola wambiri, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Pa Chichiri magalimoto anathinana, dalaivala anazimitsa injini kuti asunge mafuta, ndipo ine ndinatsegula zithunzi zija. Lolemba mapazi 5,200. Anapita kuntchito, anabwera akuti mutu. Lachiwiri 3,000. Lachitatu 900. Manambala a mapazi ankatsika, a mtima ankakwera, kuyambira Lolemba lomwelo. Ndinadzifunsa ngati wotchiyo inanjenjemera pamkono pake kumuchenjeza, komanso ngati iye anaona. Kwa ine ankangoti ndi malungo, atha okha. Ndinakumbukira mayi wa tomato uja.

Ku Limbe oitanira anandikokera mbali zitatu, wina atagwira chikwama, wina mkono. Ya ku Bangwe inali K800, ndipo inaima paliponse pamene munthu wakanda mutu. Chitunda chomaliza ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, amene anandiuza kuti iye wotchi yotero sangaigule, chifukwa ingamawerenge mabampu n'kumamunamiza kuti wachita masewera.

Ndinafika 1 koloko itadutsa. Mkeka unali utayalidwa kale pakhonde. Amalume ake a Thoko ankatulutsa chinthu chimodzichimodzi m'chikwama, kuchitukula, n'kutchula dzina la wolandira. Palibe amene anakangana. Atafika pa wotchi, ndinafotokoza zimene ndinamva ku Ndirande: ikakhala yozima, masiku asanu ndi limodzi a Thoko akhalamo, koma Tadala akaivala, pofika Lachisanu adzakhala atatha onse.

Tadala anati, "Alamu, isungeni. Ine ndidzagula ina."

Amalume anangondiyang'ana. Pamwambo wotere katundu akatchulidwa mwini wake, watchulidwa, koma ndinaona kuti akanandilola kuisunga.

Apongozi anga, mayi ake a Thoko, anapempha kuona zithunzizo. Tadala ankawawerengera. Pa manambala a mtima anayamba kunena kanthu, n'kulekeza. Atafika pa Loweruka anawerenga kuti 38. Apongozi anafunsa kuti mapazi 38 amenewo anali opita kuti. Ndinawauza kuti ndi ochokera pabedi kukafika pa galimoto ya aneba imene inatitengera kuchipatala, ndipo ndinali nditamugwira m'chiuno.

"Ndiye inunso munaponda 38 omwewo," anatero apongozi. "Anuwo wotchi sinawerenge."

Ndinaiyatsa, n'kuimanga ndekha pamkono wa Tadala. Lamba anali ndi kabowo kotakasuka pamene Thoko ankamangira, ndipo kanamukwana.

Pobwerera sindinakwere kabaza. Ndinatsika chitundacho wapansi, pamkono palibe kanthu. Anzanga kuntchito amandifunsa ngati wotchi zimenezi n'zoyenera kugula. Ndimawauza zimene ndinaona pa ulendowu: imawerenga mosanama, imaiwala msanga, ndipo siuza munthu wina aliyense koma woivalayo. Gulani ngati muli ndi munthu amene mudzamuonetse ikayamba kunena zachilendo, ndipo mumuonetse Lolemba lomwelo.