Bambo anga awatsekera mu fayilo

Andimana udindo chifukwa cha bambo amene nkhope yawo sindiidziwa. Amalawi anzanga a muno mu Nairobi, mwawerenga bwino.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulawira kuchokera ku Rongai, kuthinana m'matatu, maminibasi a kuno, ngati matumba a makala, osachedwako ku ntchito ngakhale tsiku limodzi. Utapezeka udindo wosunga makalata achinsinsi ku bungwe lathu, abwana anati woyenera ndine. Chinatsala n'chimodzi: a zachitetezo andifufuze kaye.

Anandipatsa fomu ya masamba khumi ndi awiri. Tsamba lachisanu likuti lembani abale onse okhala kunja kwa dziko lanu. Ndinalemba azakhali a ku Chipata ndi msuweni wa ku Harare. Pa bambo ndinalemba zoona zokhazokha: anapita ku migodi ku Joni ine ndili kumsana, anatchona, kumene ali sindikudziwa.

Lachiwiri ndinafika ku ofesi yawo 9 koloko. Anandiitana 11:40. Mkulu wofufuza, a Kamau, anafunsa chifukwa chimene sindinalembe adiresi ya bambo. Ndinawauza kuti amayi anaifunafuna zaka makumi atatu, mpaka analowa m'manda osaipeza. Iwo akuti, "Pole sana, pepani madam, koma malo awa sakhala opanda kanthu." Ndiye ndilembepo chiyani? Misozi ya amayi?

Anati ndibwere mawa. Mawa lakelo linatha milungu isanu ndi iwiri.

Dzulo, 2:15 masana, anandiitananso. Kalata inali kale patebulo. Andikana. Chifukwa chake: ndinabisa abale asanu okhala kunja.

"Asanu ake ati?"

"Bambo anu ndi ana awo anayi."

"Bambo anga ali moyo?"

"Ali moyo. Mwa anawo mmodzi ndi msilikali. Mukanatiuza poyamba, madam."

Ine ndakula ndikudziwa kuti ndinabadwa ndekha, ndipo bambo tinawalira kalekale popanda maliro. Munthu akundiuza kuti ali moyo uku akuyang'ana wotchi.

Koma ukatswiri wokha ali nawo, tiwaombere m'manja. Amalume anga analemba makalata, anafunsa aliyense wotsika basi ya ku Joni, osaphula kanthu. Awa ndi fakisi imodzi, basi apeza mudzi wonse. Funso langa n'lakuti munthu amabisa bwanji chinthu chimene sakuchidziwa? A Kamau akuti lamulo silisiyanitsa zimenezo. Akuti mbale amene ndi msilikali wa dziko lina akhoza kundinyengerera kuti ndiulule zinsinsi. Andinyengerera bwanji, ngakhale dzina langa salidziwa?

Pamenepo za udindo zinali zitandichoka m'mutu. Ndinaona fayilo yobiriwira pansi pa chigongono chawo, dzina langa lili pamwamba. Ndinapempha ndi ulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa. Ndinati bwana, ntchitoyo isiyeni, mungondipatsako adiresi ya bambo anga.

Anaikokera fayiloyo kwa iwo. Akuti ndi yachinsinsi. Akuti amaloledwa kuiwerenga okhawo amene a zachitetezo anawavomereza.

Ine, amene angondikana kumene.

Ndinaseka. Ndikanapanda kuseka ndikanalira pamaso pawo, ndipo kulirako ndinakalirira m'matatu, kondakitala n'kumaganiza kuti andibera foni.

Inu amene mukudzaza fomu imeneyi, samalani. Kwathu kuja ndi mabanja angati opanda mtchona? Muyambe mwafufuza ana amene bambo anu anabereka osakuuzani, apo ayi mudzatchedwa abodza.

Ndipo inu a Kamau, udindowo patsani amene bambo ake amagona pakhomo. Ine ndikufuna mzere umodzi wokha wa mu fayilomo. Munthu uja wakalamba tsopano. Mukudikira kuti mudzandipatse adiresi ya manda?