Tepi ya Agogo ndi Kawaya Kamodzi

Ku Rimuka, lokeshoni yathu kudziko lolankhula Chishona, kompyuta inalowa m'nyumba mwathu pa wilibala. Anabwera nayo amalume a Fulaye, mlongo wawo wa amayi, atangochotsedwa ntchito kufakitale ya nsalu. Anaigula kwa mzungu wina wa ku Chegutu amene ankapakira katundu mothamanga, nthawi ija mafamu ankalandidwa. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo poti Chingerezi ndinkachitha, ntchito yonse inagwera ine.

Tinali ndi tepi ya vidiyo ya ukwati wina, momwe malemu agogo, bambo awo a amayi, anaimirira n'kulankhula Chichewa chakumudzi chenicheni. Mawu awo anatsala m'menemo mokha, ndipo tepiyo inali itayamba nkhungu. Tinkafuna kuisamutsira m'kompyuta isanafe.

Amalume anapeza kakhadi kolumikizira vidiyo ku kompyuta n'kukalowetsa m'mimba mwake. Mnzawo wina anali ataikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ati poti ndi yaulere, kenaka anatsikira ku Joni osatiphunzitsa kanthu. Ndiye kompyuta inakakana kakhadiko. Ati pankafunika dalaivala, kapulogalamu koti ziwirizi zidziwane, ndiponso dalaivalayo umuuze nambala ya khadi lako. Nambala iti? Pakhadipo panalibe nambala, koma fumbi lokha.

Ndinapita kukafe ya intaneti m'tauni, n'kumakopera malangizo m'kope la Jogalafe, mawu oti sindinkawamva ngakhale limodzi. Ndili m'kati magetsi anathima. Ndinatseka kope, mumtima ndikuti zofunika zonse ndatenga.

Abale, masabata amenewo! Magetsi akangoti phethi kuyaka, tinkasiya sadza, nsima yakumeneko, m'mbale n'kuthamangira kuchipinda. Ine kulemba, amalume kudina batani la vidiyo. Nambala yoyamba, mdima. Yachiwiri, zobiriwira zokhazokha. Ina inatipatsa agogo akukwera m'mwamba, mutu pansi miyendo pamwamba, mpaka amayi anakuwa kuti tikuwazunza akufa. Amalume ankazula khadi, kuliuzira mpweya, kulibwezera, uku akutukwana m'Chilapalapa. M'chipindamo munkanunkha pulasitiki yotentha. Ine mutu unkangozungulira, sindinkadziwa ngati wolakwa ndi khadi, waya, kompyuta kapena ineyo. Ndipo poyesa paliponse tinkazunguza tepi yomweyo, osaganizako zoyesera ina.

Loweruka lina masana ndinasintha mawu amodzi pa zomwe ndinkalemba m'kompyuta, nanenso sindikudziwa chifukwa chake, ndipo agogo anaima chilili, jekete lawo lofiirira, chipewa m'manja. Amayi anakhala pansi. Tinajambula yonse, koma kunali zii.

“Amalume, nanga mawu?”

“Iwe Esinati, ukuona masipika pano? Mawu ali m'katimo, tidzawamva.”

Pobweza tepi tinamva kuti khotcho. Makina a vidiyo anaitafuna, ndipo amalume anaisolola ili zingwezingwe.

Patatha sabata tinabwereka masipika kutchalitchi. Zii. Amalume anati masipikawo ndi akufa, amayi anati mwina agogo akwiya. Ine ndinabwerera kukafe kuja n'kutsegula malangizo aja. Pansi penipeni pa pomwe ndinalekezera panali mzere umodzi: mawu sadutsa m'khadi okha, lumikizani kawaya kena. Kawayako kanali m'thumba la pulasitiki pansi pa bedi nthawi yonseyi. Ndinalira njira yonse mpaka ku Rimuka, koma kunyumba sindinaulule. Ndinkaopa.

Amayi sanadandaule. Tikaika vidiyoyo ankalankhula okha m'malo mwa bambo awo, kutsata milomo, pakuti mawuwo ankawasunga pamtima. Zaka zikupita anayamba kudumpha ena, kenaka nawonso anatisiya.

Masiku ano foni imajambula chithunzi ndi mawu pamodzi, ngakhale mwana wa kukiresi amatha. Vidiyo ija ndili nayo m'foni mwanga. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anaionera mpaka kumapeto, n'kundifunsa m'Chishona kuti, “Mhamha, vari kuti chii?” kutanthauza kuti, amayi, akuti chiyani? Ndinayang'ana milomo ya agogo ikugwedera, koma mawu awo anali atapita ndi amayi.