Foni ya Yohane inapita yokha ku Zambia

Lachiwiri m'mawa ndikutsuka m'kamwa, ndinangoona mlamu wanga Nabanda ali pakhomo, chitenje atamanga m'chiuno. M'manja anagwira foni ya mwamuna wake Yohane, mng'ono wanga. Mwini foniyo ankabwera m'mbuyo atazolika. Ine ndine nkhoswe ya banja limeneli, ndiye ndinadziwiratu kuti tiyi wanga azizira.

"Alamu, werengani nokha," anatero Nabanda.

Unali uthenga wa m'Chingerezi wochokera ku kampani ya mafoni, womulandira Yohane m'dziko la Zambia ndi kumufunira ulendo wabwino. Unalowa Lolemba cha m'ma 10 koloko m'mawa.

"Dzulo anati akukapalira mtedza. Kodi mtedza wathu unasamukira liti ku Zambia?"

Muyenera kudziwa kuti Yohane asanakwatire anali ndi chibwenzi ku Chipata, mayi wina wogulitsa zitenje. Zinatha kalekale, koma nkhani zotere sizifa, zimangogona.

"Akulu, ine sindinawoloke," anatero Yohane. "Ndilumbire?"

"Musavutike, bambo a Tadala," anayankha mkazi wake. "Foni sinama. Ine ndikukamanga katundu."

Apa ndinaona kuti pakamwa pokha sipathetsa mlanduwu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati tonse atatu tipite kumunda komweko, ndipo Nabanda atenge foni yakeyake.

Munda wawo uli kuseri kwa kaphiri, mbali yoyang'ana kumalire. Titangotsetsereka kaphiriko n'kuima pamzere woyamba, foni ya Nabanda inalira. Anaiyang'ana, anaiyang'ananso, kenaka anandipatsa.

"Alamu," ndinatero, "akukulandirani m'dziko la Zambia. Akuti muyende bwino."

Yohane anadzuka ngati fodya wothiriridwa. "Mayi a Tadala, mwawoloka nthawi yanji? Muli ndi ndani kumeneko?"

Ndinawafotokozera zimene ndikufotokozereni inunso. Uthenga uja sutanthauza kuti foni yaona kumene mapazi anu aponda. Foni ikaitaya nsanja ya netiweki yakwathu, imangogwira ina iliyonse imene ikuimva bwino. Kumunda kuja nsanja yathu imabisika ndi kaphiri, pamene ya ku Zambia ili poyera. Foni ikagwira ya uko, makina awo amangoti kwabwera mlendo, n'kutumiza moni.

Tambala akalira tsidya lija, kodi kuno sitimumva? Amayamba wadinditsa pasipoti? Nanga wailesi za ku Chipata zija timamvera pamakonde pathu zimadzera pachipata cha kasitomu? Malire tinalemba ndife anthu. Mafunde a foni sawadziwa.

Nabanda anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine mumtima ndinati banja lapulumuka. Koma atatha kuseka anayamba kuyang'ana pansi. Udzu unali wofika m'mawondo, mtedza wake wosaoneka n'komwe.

"Chabwino, ku Zambia simunapite. Nanga khasu linagwira pati dzulo?"

Yohane anayang'ana kumwamba ngati yankho lichokera m'mitambo. Pomaliza anaulula kuti anapalira mizere itatu, kenaka anzake anamuitanira bawo pansi pa mtengo wa mango, dzuwa mpaka kupendeka. Ndinawasiya komweko, mwamuna ali ndi khasu m'manja, mkazi atakhala pachulu ngati kapitawo wa pa esiteti.

Pobwerera mawu aja ankandizungulira m'mutu: foni sinama. Ndi angati mwa ife amene timakhulupirira zimenezi?

Uthenga wamawu ukabwera pafoni, wa munthu amene sitikumudziwa dzina kapena mudzi, woti masamba akutiakuti amachiza shuga, timautumiza kwa abale onse tisanamalize n'kuumvera komwe. Mawu omwewo atanena mnzathu wa pabawo, tingamufunse kuti, "Unaphunzira kuti zaudokotala iwe?"

Pa ofesi ina analakwitsa dzina la azakhali anga. Atadandaula, kalaliki anawauza kuti, "Kompyuta yatero." Azakhali anabwerera kunyumba akukayikira dzina lawo lomwe. Koma kompyuta inalitenga kuti dzinalo? Si chala cha munthu chinalemba?

Sindikunena kuti makina ndi abodza. Foni ya Yohane sinaname. Inanena zimene inkadziwa, zoti yagwira nsanja ya ku Zambia. Enafe ndi amene tinawonjezerapo basi ya ku Chipata ndi mayi wa zitenje. Makina amayankha kafunso kakang'ono, ife n'kumva yankho la funso lalikulu limene lili kale mumtima mwathu.

Tsono musanamange katundu, musanatumize uthenga uja kugulu la kumpingo, musanavomere kuti dzina lanu si lanu, imani kaye. Chinthu chimene mumachitchaja nokha, chimene chimazima chikangogwera m'ndowa, chinayamba liti kukuganizirani?