A Daka Abwelela ndi Mabuku Awo

Lachitatu basi yathu inaima pa Kacholola kuti injini izizile. Nditatsika ndinapeza a Daka atakhala pa sutikesi yodzaza mabuku. Tinaphunzila limodzi kusukulu ya mishoni. Ine ndinathela pa ukalaliki, iwo anapitilila mpaka kutsidya kwa nyanja. Lelo amaphunzitsa pa koleji ina kunja kwa dziko lino. Ntchito yawo ndi kuwelenga Chigiliki chakale, kufufuza maganizo a anthu anzelu a ku Ulaya, ndi kulemba zimene apeza.

Amai awo ku Ndake maso anafa chaka chatha. A Daka anabwela kudzafuna ntchito kuno kuti azikhala pafupi nawo.

"Nanga zayenda bwanji?" ndinafunsa.

"Mzungu wa pa ofesi ina anaona mapepala anga, nandiyamikila," anatelo. "Kenaka akuti, 'Anthu anu afunika ukalipentala, osati Chigiliki.' Basi, ndikubwelela. Amai ndawasiya ndi mlongo wanga."

Amai ena ogulitsa nthochi pambali pathu anali kumva zonse.

"Bambo, nzelu zanuzo zimabala chiyani?"

A Daka sanakwiye. "Timafunsa mafunso, amai. Chilungamo n'chiyani? Woyenela kulamulila anzake ndani?"

"Aa, n'zimenezo? Ndiye muwafunseko amene anabweletsa boma la Chitaganyali. Ife anatifunsa liti?"

Tinaseka, koma ine kuseka kwanga sikunapite patali.

Ukalipentala sindikuunyoza. Mpando umene ndakhalila polemba izi anakhoma ndi munthu wa ku Kalindawalo, ndipo sugwedela. Koma anagamula ndani kuti mwana wa kuno manja okha ndiwo agwile ntchito, mutu uzipuma?

Nafenso tisadziyeletse. Mwana akafunsa kuti "chifukwa chiyani?" timati n'chipongwe. Mphunzitsi akamva funso limene sadziwa yankho lake amatenga mkwapulo. Chonsecho ndife tomwe timati safunsa anadya phula.

Injini itazizila, a Daka anakweza okha sutikesi yawo pamwamba pa basi ina yopita ku Lusaka. Ana a eni ake adzaphunzila kwa iwo mmene munthu amayesela ngati lamulo lili lolungama.

Tonse tikunena kuti tsiku lina tidzadzilamulila tokha. Tsikulo likadzafika, adzatiphunzitse ndani kufunsa atsogoleli athu, ngati odziwa kufunsa tikuwapelekeza kumalile?