Ndinapita ku Nsanama Chimanga Chili M'munda

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino kwathu ku Phalula, ndipo chimanga chinabereka ziwiriziwiri. Nkhondo ya azungu inali itangotha kumene, asilikali akutsika sitima pa Balaka ndi mabokosi achitsulo pamutu. Ine ndinali ndi ana atatu, ndipo anthu a m'mudzi anali atayamba kundiitana mayi akafuna kuchira, chifukwa uzamba ndinauphunzira kwa azakhali anga asanamwalire.

Lolemba lina m'mawa tinali m'munda, ine ndi amuna anga, kudula chimanga ndi kuimika mikukwe. Ndinawerama kuti ndinyamule mapesi, ndipo mawu anandifikira mumtima, omveka ngati munthu waima kumbuyo kwanga: tenga lumo ndi nsalu yoyera, upite ku Nsanama. Ndinacheuka. Kunalibe munthu, koma amuna anga okha ali chapatali ndi chikwanje chawo.

Nsanama ndinkangoyimva kwa Ayao ogulitsa mpunga amene ankadutsa ndi njinga. Ndinalibeko mbale, ndinalibeko mnzanga, ndipo mtsinje wa Shire ndinali ndisanauonepo. Ndinayesa kupitiriza ntchito, koma mtima sunalinso pa chimanga. Sanali mantha. Ndinkamva ngati mwana amene wauzidwa kuti mawa akwera sitima.

"Bambo a ana," ndinatero, "Mulungu akundituma ku Nsanama."

Anaika chikwanje pansi n'kundiyang'ana.

"Ku Nsanama kwa yani?"

"Sindikudziwa."

"Wadwala ndani kumeneko?"

"Sanandiuze."

"Mayi a ana, Mulungu ameneyo sakuona kuti chimanga chili m'munda? Anyani akuchiona, chiswe chikuchiona. Iye yekha ndiye sakuchiona?"

Ndinaseka, iwo sanaseke. Anati mwina ndi dzuwa landimenya m'mutu, ndikhale pamthunzi. Ndinakhaladi pamthunzi, ndikupemphera kuti ngati ndi maganizo anga okha, achoke. Sanachoke. Pofika masana ndinali nditachapa kale nsalu yanga yoyera, imene ndinkasungira Mgonero kutchalitchi, ndi kunola lumo pa mwala. Mng'ono wanga, amene nyumba yake inali pafupi ndi yathu, anavomera kusunga ana, ngakhale anandiuza poyera kuti anthu andiseka.

M'mawa mwake ndikutuluka ndi kamtolo kanga, ndinapeza amuna anga ali pakhomo, bulangete paphewa, ndodo m'manja.

"Iyayi, sikuti ndakhulupirira," anatero. "Koma sindingalole kuti anthu azinena kuti mkazi wanga anadyedwa ndi ng'ona ine ndikusenda chimanga."

Tinayenda pang'ono pokha, lole ya Mmwenye yonyamula thonje inatipeza, ndipo dalaivala anatilola kukwera pamwamba pa matumba. Aka kanali koyamba kuti ine ndikwere galimoto. Mphepo inkandivula duku, mitengo ikuthamangira kumbuyo, ine ndikuimba nyimbo zonse za kutchalitchi zimene ndinkazidziwa. Amuna anga anangogwira chingwe ndi manja awiri, maso ali tsinzi. Tinatsika pa Balaka, n'kukagona kwa msuweni wawo m'dera la Nsamala. Msuweniyo atamva chimene tikuyendera, anangogwira pakamwa.

Lachitatu tinafika pa doko la Liwonde. Madzi ochuluka chonchija ndinali ndisanawaonepo. Tinakwera chibwato chachikulu chimene amuna ankachikoka ndi chingwe, pamodzi ndi mbuzi, njinga ndi msilikali wina wobwerera kwawo. Pakati pa mtsinje mvuu inatulutsa mutu n'kuyasamula, ine n'kuwomba m'manja. Anthu onse anandiyang'ana.

"Tikafika kumeneko tikafunsa ndani?" amuna anga anafunsanso tili kutsidya.

"Tikaona komweko."

"Tikangoima pamsika n'kumakuwa kuti wofuna lumo ndani?"

Kunena zoona, pamenepo nanenso mtima unagwa pang'ono. Mapazi anali atatupa, ufa wa kamba unali utachepa, ndipo mawu aja sanabwerenso kudzandilimbikitsa. Ndinangodziuza kuti wandituma sanandiuze kuti ndibwerere.

Lachinayi dzuwa lili paliwombo, titatsala pang'ono kufika pa Nsanama, tinaona mwamuna wa kachisoti koyera akuthamanga mumsewu kubwera kumene kunali ife. Anali wachinyamata ndithu, thukuta lili kamukamu. Anadutsa amuna anga n'kudzagwada patsogolo panga. Anayamba kulankhula Chiyao mofulumira, ndipo ataona kuti sindikumva, anasintha n'kuyamba Chinyanja chodukaduka.

"Amayi, chonde. Akazi anga. Matenda ayamba panjira. Mimba yoyamba."

Ankamuperekeza mkaziyo kwa amayi ake kuti akachirire kumeneko, poganiza kuti kwatsala mwezi wathunthu. Anali atathamangira kale m'mudzi wapafupi, koma anapeza zitseko zokhazokha, anthu onse atapita ku sadaka ya maliro m'mudzi wina.

Ndinayang'ana amuna anga. Pakamwa pawo panali yasa. Kenaka ndinathamanga, ine amene ndinkatsimphina kuyambira m'mawa.

Ndinamupeza mtsikanayo pansi pa mtengo wa mango, pambali pa msewu, atagwira muzu ndi manja onse awiri. Anali wamng'ono, ndi kachipini pamphuno. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kuchimanga pa nthambi kuti chitchinge. Amuna anga ndinawatuma ndi chipanda kukasaka madzi, ndipo mwamuna wake ndinamuuza kuti akaime kutali, ayang'ane kumapiri.

Chiyao sindinkachidziwa, iyenso Chinyanja ankangomva pang'ono, koma pa ntchito imeneyi manja ndiwo amalankhula. Ndinamukhazika bwino, ndikumusisita msana, ndikumuonetsa kapumidwe. Mutu utaoneka, ndinapisa chala n'kupeza kuti mchombo wazungulira khosi kawiri, ndipo wathina. Ndinamugwira bondo kuti aleke kukankha. Anandimvera. Ndinavula mchombowo pang'onopang'ono, kamodzi, kachiwiri, monga azakhali anandiphunzitsira, ndipo mwana anatsetserekera m'manja mwanga.

Anali wamkazi, wotuwa, ali zii.

Ndinamuchotsa zam'kamwa ndi chala, n'kuyamwa timphuno take ndi kulavula. Ndinamupukuta mwamphamvu ndi nsalu yoyera ija, kumsana, kumapazi. Palibe. Mayi ake anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo maso amenewo sindidzawaiwala. Ndinalankhula mokweza ngati ndikukangana ndi munthu: "Atate, simunandichotse ku Phalula kuti ndidzakumbe manda." Ndinamuuzira mpweya m'kamwa, pang'ono, ndi pang'ono pena. Kachifuwa kanakwera. Kamwendo kanagwedera. Kenaka anatsokomola, n'kulira kulira kwaukali kumene kunathawitsa mbalame mumtengomo.

Nthungululu imene ndinaimba tsikulo inamveka mpaka kudambo. Amuna anga, amene ankabwera ndi madzi, anaika chipanda pansi n'kuyamba kuvina pakati pa msewu, munthu woti ngakhale pa ukwati wathu sanavine. Ndinamanga mchombo ndi ulusi wosolola pa nsalu, n'kudula ndi lumo langa. Nditamaliza kusamalira mayiyo, ndinaitana bambo wa mwana. Anamulandira, anaika pakamwa pake pa khutu la mwanayo n'kumunong'oneza pemphero lawo la Chisilamu. Misozi inkagwera pa nsalu.

Amuna awiriwo anadula mitengo iwiri, n'kupanga machira ndi bulangete lija. Ananyamula mayiyo, ine ndikutsatira ndi mwana pachifuwa. Titalowa m'mudzi wa kwawo kwa mtsikanayo, kuseri kwa msika wa Nsanama, akazi anatuluka m'nyumba zonse. Amayi ake, munthu wamtali wodziwa bwino Chinyanja, anamva nkhani yonse kwa mkamwini wawo, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Inu amayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Phalula, kuseri kwa Balaka."

"Nanga kuno mumadzaona yani?"

"Ndimadzaona mdzukulu wanuyu. Kungoti sindimadziwa."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira m'munda muja. Sanadabwe monga ndinkayembekezera. Anangogwira manja anga onse awiri n'kunena mawu a Chiyao akuti, "Mlungu ali jumo." Mkamwini wawo anandimasulira kuti Mulungu ndi mmodzi.

Amuna anga anabwerera kumudzi m'mawa mwake, ndipo anakapeza anyani atagwetsa mikukwe iwiri. Sanadandaule. Ine amayi a mtsikana uja anandikaniza kuchoka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Ndinakhala m'chikuta ndi mtsikana uja masiku asanu ndi awiri, ndikudya mpunga wa nkhuku, iye akundiphunzitsa Chiyao, ine ndikumuphunzitsa kayamwitsidwe. Tinkasekana kwambiri, makamaka ine ndikapotoza mawu awo.

Tsiku lobwerera, bambo wa mwana uja anabwereka njinga n'kundikweza mpaka ku Phalula, mtanga wa mpunga uli kutsogolo, ine kumbuyo nditagwira tambala wamoyo. Mimba zake zitatu zotsatira mtsikanayo anakana mzamba wina aliyense. Mwezi ukayandikira, njinga ija inkafika pakhomo pathu, ine n'kumanga kamtolo kanga, ndipo anthu okoka chibwato pa Liwonde anafika pondizolowera mpaka kumandisungira malo okhala kutsogolo.